Fuluwidi wa Mabuleki: Kasankhidwe Kake ndi Zochita Akalakwika

 Pulogalamu ya lero ikunena za fuluwidi wa mabuleki a galimoto: chimene iye ali, kasankhidwe kake, ndi zoyenera kuchita m'kathanki kake mukalowa chinthu cholakwika.

Vuto limayambira pa dzina. M'masitolo a zida za galimoto mu Tete muno, wogula amanena kuti akufuna óleo de travão, ndipo m'Chinyanja ambiri amati mafuta a mabuleki. Mayina onse awiriwa ndi ozolowereka, koma ndi osokeretsa. Chimene chimathiridwa m'mabuleki a galimoto zambiri si mafuta. Sichichokera ku banja la petulo, dizilo kapena oyilo wa injini. Ndi mankhwala amadzimadzi opangidwa kuchokera ku glycol, ndipo khalidwe lake ndi losiyana kwambiri ndi la oyilo: oyilo amakana madzi, pamene fuluwidi amasakanikirana nawo. Mfundo imeneyi ndiyo mutu wa nkhani yonse ya lero, ndipo ibwerezedwa: fuluwidi wa mabuleki si oyilo, ndipo oyilo sangalowe m'malo mwake.

Choyamba, ntchito yake. Woyendetsa akaponda buleki, phazi lake limakankha pisitoni ya mupampu yaikulu, imene amakaniko a kuno amaitcha bomba. Pisitoniyo imakankha fuluwidi, ndipo fuluwidi amanyamula mphamvuyo kudutsa m'mapaipi achitsulo ndi amphira mpaka ku mawilo onse anayi, kumene mapadi amakanikiza chitsulo chozungulira ndi wilo. Zimenezi zimatheka chifukwa chinthu chamadzimadzi sichifinyika. Chikakankhidwa mbali ino, nthawi yomweyo chimakankha mbali inayo, monga anafotokozera Blaise Pascal wa ku France m'zaka za m'ma 1600. Mpweya ndi nthunzi ndi zina: zimafinyika ngati siponji. M'mapaipi mukakhala mpweya, mphamvu ya phazi imathera pofinya mpweyawo, mawilo osalandira kanthu. Malole aakulu amene amawoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende, kuchokera ku Beira kapena ku Zimbabwe, ali ndi mabuleki a mtundu wina, oyendera mpweya wopopedwa, n'chifukwa chake amamveka akupuma mwaphokoso akamaima. Nkhani ya lero ikukhudza galimoto zing'onozing'ono, mapikapu, machapa (minibasi zonyamula anthu), ndi njinga zamoto zokhala ndi kathanki kakang'ono pa chogwirira.

Mabuleki oyendera fuluwidi anayamba kufala ku America m'zaka za m'ma 1920, kutsatira ntchito ya Malcolm Loughead. Chosangalatsa n'chakuti fuluwidi woyambirira ankapangidwa ndi mafuta a nsatsi osakaniza ndi alcohol, nsatsi zomwezi zomera kuseri kwa nyumba. Ankasankha nsatsi chifukwa mafuta ake sankadya mphira ya nthawi imeneyo. Galimoto zitayamba kuthamanga ndi kulemera, msanganizo umenewo unalephera kupirira kutentha, ndipo unasiyidwa. Koma mafunso awiri amene amisiri aja ankalimbana nawo ndi omwewo mpaka lero: kodi fuluwidiyu apirira moto, nanga kodi agwirizana ndi mphira?

Za moto zikhale poyamba. Tete ndi umodzi mwa mizinda yotentha kwambiri m'Mozambique, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Komabe dzuwa palokha silingawiritse fuluwidi. Chimamuwiritsa ndi kukhulana kwa mapadi ndi chitsulo, kumene kumatulutsa kutentha kwa madigiri mazanamazana. Dzuwa limangochititsa kuti zitsulozo zichedwe kuzizira. Ndipo mzindawu uli m'chigwa. Wochokera ku Zóbuè, pa malire ndi Malawi, amatsika kulowera ku Moatize. Wochokera ku Angónia amatsika. Wochokera ku Songo amatsika pa msewu wokhotakhota wa m'mapiri a Cahora Bassa. Chapa yodzaza anthu, matumba a mbatatesi ali pamwamba, dalaivala phazi lili pa buleki mtsetse wonse, imakhala ikuphika fuluwidi wake pang'onopang'ono. Akawira, amasanduka nthunzi, ndipo chopondera chimamira mpaka pansi popanda chogwira.

Choopsa cha vuto limeneli ndi chinyengo chake. Galimoto ikaima kanthawi, nthunzi ija imabwerera kukhala fuluwidi, ndipo buleki imagwiranso ngati sipanachitike kanthu. Mwini galimoto amayang'ana pansi osaona chodontha, amayang'ana kathanki n'kupeza n'kodzaza, basi ulendo n'kupitirira. Pa mtsetse wotsatira zomwezo zimabwerera.

Nanga n'chifukwa chiyani fuluwidi wina amawira msanga? Yankho ndi madzi. Fuluwidi wa glycol amayamwa chinyezi cha mumpweya, monga umachitira mchere wosavundikira m'nyengo ya dzinja. Chinyezicho chimalowa kudzera pa chivundikiro cha kathanki ndiponso m'mapaipi amphira, pang'onopang'ono, ngakhale galimoto itangoima pabwalo. Kutsuka injini ndi paipi ya madzi amphamvu kumawonjezera. Nambala ziwiri zokha ndi zokwanira kusonyeza kukula kwa nkhaniyi. Fuluwidi wa mtundu wa DOT 4 ali watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230. Akamwa madzi ochepa chabe, osakwana magawo 4 pa 100 alionse, malirewo amatsikira pa madigiri 155. Kuchoka pa 230 kufika pa 155, chifukwa cha madzi amene maso sangawaone. Madzi omwewo amadyetsa mapisitoni ndi mapaipi dzimbiri kuchokera mkati. Ichi n'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amalangiza kuti fuluwidi yense azichotsedwa ndi kuthira watsopano pakatha zaka ziwiri zilizonse. Oyilo wa injini aliyense amakumbukira tsiku lomusintha. Fuluwidi wa mabuleki amaiwalika, ndipo galimoto zambiri zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan zimayenda zaka ndi fuluwidi amene zinabwera naye pa sitima. Womvera aliyense amene ali ndi galimoto angadzifunse pano: kodi fuluwidi wa m'galimoto mwake anasinthidwa liti komaliza?

Tsopano mitundu yake. Pa botolo pamalembedwa zilembo zitatu, DOT, kenako nambala. Zilembozi ndi chidule cha dzina la unduna wa zamtengatenga wa ku United States, umene unakhazikitsa miyezo imene mayiko ambiri akutsatira. Mitundu itatu ndi ya banja limodzi la glycol: DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1. Maonekedwe ake ndi oyera kapena achikasu pang'ono, ngati tiyi wosapsa. DOT 3 ndiye wakale, ndipo zivundikiro za Toyota zambiri zimatchula iyeyu. DOT 4 amapirira kutentha kuposa DOT 3. DOT 5.1 amapirira kuposa onse awiri. Popeza ndi apachibale, amasakanikirana popanda kuwononga mphira. Lamulo lake ndi lophweka: kukwera n'kololedwa, kutsika ayi. Galimoto yofuna DOT 3 ingalandire DOT 4, ndipo kwa oyenda misewu ya mitsetse imeneyi ndi nzeru yabwino. Koma galimoto yofuna DOT 4 isapatsidwe DOT 3, chifukwa mabuleki ake anapangidwa modalira fuluwidi wopirira moto wochuluka. Galimoto zina zatsopano, zokhala ndi makina oletsa kuterereka, zimafuna DOT 4 wopyapyala kwambiri, wolembedwa LV pa botolo.

Msampha uli pa DOT 5. Munthu akaona 3, 4 ndi 5, amaganiza kuti 5 ndi mkulu wa 4. Si choncho. DOT 5 ndi wa banja lina, la silicone, ndipo amapakidwa mtundu wonga wa maluwa a jakaranda kuti asasokonezedwe. Sayamwa madzi, sadya penti, n'chifukwa chake amakondedwa pa galimoto zakale zosungidwa, pa galimoto za asilikali a ku America ndi pa njinga zina za Harley-Davidson. Koma sasakanikirana ndi fuluwidi wa glycol, amasunga tithovu ta mpweya, ndipo sayenera kuthiridwa m'galimoto yokhala ndi ABS, makina aja oletsa kuterereka. Mayina a DOT 5 ndi DOT 5.1 amasiyana kadontho ndi nambala imodzi, koma zam'botolo n'zosiyana ngati mkaka ndi laimu.

Palinso gulu laling'ono limene lamulo lake ndi lotembenuka. Galimoto zakale za Citroën zimagwiritsa ntchito oyilo wobiriwira wotchedwa LHM, ndipo mathirakitala ena, monga amene angapezeke m'minda ya ku Angónia ndi Tsangano, ali ndi mabuleki oyendera oyilo weniweni. Mphira yake inapangidwira oyilo, ndipo fuluwidi wa DOT ndiye amaiwononga. Choncho munthu sangadalire zimene anaona pa galimoto ya mnzake. Wodziwa zoona ndi chivundikiro cha kathanki, chimene chimalembedwa mtundu wofunika, ndi buku la galimotoyo. Ngakhale buku litakhala la Chijapani, zilembo za DOT ndi nambala yake zimawerengeka. Safunsa anadya phula, ndipo pano wofunsidwayo ndi chivundikiro.

Pogula, botolo likhale lomata, losatsegulidwapo. Fuluwidi wopungulidwa m'botolo la madzi akumwa, wogulitsidwa m'mbali mwa msewu pafupi ndi petulo wa m'zigubu, sadziwika mtundu wake, ndipo ngakhale atakhala weniweni wamwa kale chinyezi. Botolo laling'ono lotha tsiku lomwelo liposa lalikulu lotsalira. Lotsala limene lakhala miyezi m'buti ya galimoto, chotsekera chili cholobodoka, si chuma chosunga.

Apa pulogalamu ikulowa m'gawo lachiwiri: chimachitika n'chiyani m'kathanki mukalowa cholakwika?

Zolakwika sizilingana kukula. Chochepa kwambiri ndi kuthira DOT 3 m'malo mwa DOT 4. Palibe chimawonongeka, galimoto ingayende mosamala mpaka ku galaja, kumene fuluwidi yense amatulutsidwa n'kuthira woyenera. Chachiwiri ndi madzi. Pali oyendetsa ena amene fuluwidi akawathera m'tchire, pakati pa Changara ndi Cuchamano mwachitsanzo, amathira madzi, ena madzi a sopo, ati kuti pakhale kuterera. Buleki imagwiradi poyamba, ndipo ndi pamene pali ngozi, chifukwa madzi amawira pa madigiri 100 basi, kutentha kumene mabuleki amakufika pa mtsetse woyamba. Galimoto yotere iyenera kutsukidwa mapaipi onse ndi fuluwidi watsopano mwamsanga, dzimbiri lisanayambe. Chachitatu ndi DOT 5 wosakanizika ndi wa glycol. Awiriwa amapatukana m'mapaipi, chopondera chimafewa, ndipo kuwachotsa kumafuna kukhuthula zonse, nthawi zina kumasula ndi zida zomwe.

Choipitsitsa ndi oyilo: wa injini, wa giyabokosi, wa pawa sitiyaringi, dizilo, palafini, ngakhale mafuta ophikira. Kulakwitsa kofala ndi kwa oyilo wa pawa sitiyaringi, chifukwa pansi pa boneti kathanki kake n'kofanana kukula ndi ka mabuleki, ndipo wothandiza dalaivala akatumidwa m'mamawa kusanache kuti akawonjezere óleo, dzina lija limamusokeretsa. Kathanki ka mabuleki kamakhala kumbuyo kwa injini, moyang'anizana ndi mpando wa dalaivala. Pa minibasi za Hiace kamapezeka mkati, m'mbali mwa dashibodi.

Mphira ya m'mabuleki a masiku ano, yotchedwa EPDM, imapirira glycol ndi kutentha, koma oyilo imamumwa ngati mkate woviikidwa mu tiyi. Imatupa, imafewa, kenako imanyenyeka. Oyilo wochepa kwambiri ndi wokwanira. Ngakhale fanelo yothirira oyilo wa injini kapena nsanza yamafuta ingaipitse kathanki konse. Zotsatira zake siziwoneka tsiku lomwelo. Pakapita maola kapena masiku, mphira ya mubomba imatupa n'kutseka kabowo kamene fuluwidi amabwererapo phazi likachoka pa chopondera. Zikatero mabuleki amakhala ogwira okha. Galimoto imalemera, mawilo amatentha ndi kununkha chopserera, mwina kumangika pakati pa msewu. Pa galimoto ina zimachitika mosiyana: mphira imang'ambika, chopondera n'kumira. Kawirikawiri mwini wake amakhala ataiwala kale za oyilo uja, ndipo amayamba kusintha mapadi, kusintha ma bearing, ndalama n'kumathera pa matenda olakwika. Mfundo ija ibwerezedwenso: fuluwidi wa mabuleki si oyilo, ndipo oyilo sangalowe m'malo mwake.

Pali njira ziwiri zophweka zodziwira. Yoyamba ndi kuyang'ana mphira ya kunsi kwa chivundikiro cha kathanki. Ikakhala yotupa, yopindikapindika, yokana kubwerera m'malo mwake, oyilo wafika. Yachiwiri ndi kutapa pang'ono za m'kathanki n'kudonthezera m'botolo loonekera mkati lokhala ndi madzi. Fuluwidi wa glycol amasungunuka n'kusowa m'madzimo. Oyilo amayandama pamwamba m'timadontho. DOT 5 nayenso sasungunuka, koma amadziwika ndi mtundu wake.

Chochita chimadalira funso limodzi: kodi buleki yapondedwa chithiridwire oyiloyo? Ngati kulakwa kwazindikirika pomwepo, botolo likadali m'manja, munthu asakwere m'galimoto, asalize injini, asaponde chopondera ngakhale kamodzi. Oyilo ndi wopepuka kuposa fuluwidi, choncho amayamba wayandama pamwamba. Amayamwidwa ndi sirinji yaikulu yoyera, kuyambira pamwamba mpaka kathanki kuuma. Kenako kathanki kamachotsedwa n'kutsukidwa kapena kusinthidwa, mphira ya chivundikiro imasinthidwa, ndipo makaniko amatulutsa fuluwidi yense wakale. Potero asapope oyilo wotsalira kulowera ku mawilo. Kupopa mosaganiza ndiko kumafalitsa vuto limene linali malo amodzi. Galimotoyo ipite ku galaja itanyamulidwa, kapena makaniko abwere pomwe yaima. Pa galimoto zambiri kilachi imamwa fuluwidi wa m'kathanki komweko, choncho nayonso isapondedwe.

Ngati galimoto yayenda kale, nkhani ndi yowawa. Kungosintha fuluwidi sikuchiritsa, chifukwa mphira yomwa oyilo siibwerera mwakale, ndipo imapitiriza kutulutsa oyiloyo mwa fuluwidi watsopano. Chilichonse chokhala ndi mphira chimene oyilo wafikako chiyenera kusinthidwa: bomba, mapaipi amphira, mphira za m'makalipa a kutsogolo (zida zogwira mapadi), timasilinda ta mawilo a kumbuyo, ndipo nthawi zina bokosi la ABS, limene ndi lokwera mtengo kuposa zonsezi. Mapaipi achitsulo okha ndiwo amatsukidwa, ndi mankhwala otsukira mabuleki kapena alcohol, n'kuumitsidwa ndi mpweya. Petulo ndi palafini, zimene amakaniko amakonda kutsukira zida za injini, pano ndi poizoni yemwe uja. Mwini galimoto akamva mtengo amakopeka kusintha bomba yokha, zina n'kuzisiya. Kutero n'kugula masabata ochepa, chifukwa mphira zotsalazo zidzalephera imodziimodzi, pa nthawi imene palibe angaisankhe. Pomaliza makaniko amatulutsa mpweya m'mapaipi, ntchito imene ena amati kubulida, ena sangrar, wilo ndi wilo, kufikira fuluwidi atatuluka woyera wopanda thovu ndipo chopondera chalimba.

Kawirikawiri chimene chimachititsa munthu kutsegula kathanki ndi kuona fuluwidi atatsika. Apa pafunika kudziwa kuti fuluwidi sapsa ndipo satha ngati petulo. Akatsika pang'onopang'ono pa miyezi yambiri, ndiye kuti mapadi akutha, ndipo mapisitoni atuluka kwambiri n'kutenga fuluwidi wochuluka; mapadi atsopano akaikidwa amakweranso yekha. Akatsika msanga, penapake pakudontha, ndipo pamadziwika ndi kunyowa kuseri kwa tayala kapena pansi pa chopondera. Kuwonjezera m'mawa uliwonse n'kubisa vuto, komanso kutsegula chivundikiro kawirikawiri n'kuitana chinyezi, fumbi ndi kulakwitsa. Kathanki kanapangidwa koonekera mkati, kali ndi mizere iwiri, kuti munthu aone mlingo osatsegula. Potsegula, fumbi la pamwamba lipukutidwe kaye, ndipo fumbi m'Tete ndi ku Moatize silisowa.

Buleki ikafewa galimoto ili mkati motsika, woyendetsa achotse phazi pa mafuta, apope chopondera mofulumira kangapo, atsitse magiya imodziimodzi kuti injini igwire galimoto, ndipo akoke handibuleki pang'onopang'ono, osati mwadzidzidzi. Injini asaizimitse galimoto isanaime, chifukwa chiwongolero chimalimba ndipo mphamvu yothandizira buleki imatha. Oyendetsa odziwa misewu ya Zóbuè ndi Songo amalowetsa giya yotsika asanayambe mtsetse, n'kumaponda buleki mwa apo ndi apo kuti zitsulo zizipuma. Womvera amene amakwera chapa angaganizirepo ulendo wotsatira: kodi pa mtsetse injini ikumveka ikugwira galimoto, kapena zonse zasiyidwira buleki?

Chotsala ndi kasungidwe. Fuluwidi wa glycol amadya penti, choncho akadonthera pa galimoto atsukidwe pomwepo ndi madzi ambiri, osati kupukuta ndi nsanza youma. Akalowa m'maso, madzi oyera ochuluka ndiwo chithandizo choyamba. Ndi poizoni woopsa akamwedwa, amawononga impso, ndipo zizindikiro zake zingachedwe kuoneka; womwa apite naye ku chipatala nthawi yomweyo pamodzi ndi botolo lake, osadikira kuti ayambe kudwala. Pa chifukwa chimenechi asasungidwe m'botolo la chakumwa pamalo ofika ana. Anthu ena amamupaka pa zipere kapena pa bala, koma fuluwidi si mankhwala a khungu. Wakale wochotsedwa m'galimoto asabwezeredwe m'kathanki ngakhale atasefedwa, ndipo asatayidwe m'ngalande, popeza ngalande za mzinda uno zimathera mu Zambezi, momwe anthu amatunga madzi ndi kupha nsomba. Asonkhanitsidwe m'chigubu chotsekedwa cholembedwa dzina, n'kuperekedwa ku galaja imene imasunga zotsalira zotere.

Pulogalamu ya lero yathera pamenepa.